Za Mabuku Ako a Akavalo ndi Amphaka a m'Foni

Mwana wanga Tiyamike,

Lero ndi Lachinayi, mawa ukunyamuka kupita ku koleji ya unamwino. Kalatayi ndinaiyamba Lolemba. Ndakhala ndikuilembera kudimba, pansi pa mango, chifukwa ukudziwa kuti dzanja langa linagwira cholembera litakalamba kale, ku sukulu ya kwacha, ndipo chilembo chilichonse ndimachita kuchikoka ngati mbuzi yokana khola. Ukapeza polakwika usaseke. Kapena seka ndithu, bola ndimveko mawu ako.

Sabata yathunthu yatha usakundilankhula. "Inde amayi." "Ayi amayi." "Madzi ndatunga." Mawu ako onse ndi omwewo, ndipo ukudya utayang'ana kumbali. Chifukwa chake ndikuchidziwa: ndinakuwotchera buku. Sindikufuna ukwere basi uli choncho, pakuti mwana wochoka pakhomo atatseka pakamwa ndikudziwa kumene amakathera. Ndikuuza mmene ndinadziwira. Koma undilole ndiyambe ndi amphaka, poti ndiwo anayamba kundidzidzimutsa, ndipo pali china ndinachita chimene iwe sukuchidziwa.

Unali mwezi wokolola nandolo. Ndikuchokera kumunda masana, ndinamva kuseka m'nyumba, ndinati kaya kwabwera alendo. Kusuzumira, uli wekhawekha pamphasa, wagwira m'mimba, misozi ili mbwee. Ndinayandikira kumbuyo kwako osakudzidzimutsa. Mayo ine, Tiya! M'fonimo mphaka wavala diresi. Diresi lenileni la maluwa, la kolala. Wakhala pampando, patebulo, ngati mlendo wodikira tiyi. Ndisanapume n'komwe, chala chako chakankha, watulukira wina wonenepa ngati mwana wa mbuzi, akuyenda ndi miyendo iwiri. Wakankhanso, wina akudumphira chogwirira n'kutsegula chitseko yekha. Ndinabwerera m'mbuyo. Zaka zanga zonsezi, za mphaka wotsegula chitseko ndinkangozimva anthu akunong'onezana pamaliro. Lero ali m'manja mwa mwana wanga, ndipo mwana wangayo akumuseka ngati mnzake wa kusukulu.

Ndinathamangira kwa amalume ako, a Dayitoni. Anandimvetsera atagwira chibwano.

"Chemwali, mwati wavala diresi?"

"Diresi, achimwene."

"Lomukwana?"

"Ngati anachita kumuyeza kwa telala."

Anapukusa mutu, kenaka anati, "Mphaka wopita kwa telala ali ndi mwini wake. Fulumirani."

Tsono chimene sukuchidziwa ndi ichi. M'mawa mwake utapita kumjigo, ndinatenga foni yako, ndinaikulunga m'chitenje kawiri kuti isandikhudze khungu, n'kupita nayo kwa a Mulomba, mkulu wa mpingo, kuti akaipempherere. Tsiku lija unkaifunafuna n'kudzaipeza pa thumba la chimanga, sunaiiwale iwe. Ndinali ine.

A Mulomba atandiona anati, "Mayi, mwanyamula chiyani chimene mukuchigwira ngati khala la moto?"

Ndinawafotokozera zonse. Anayesa kuitsegula, inakana, ati imafuna chala cha mwini wake. Apo mantha anga anawirikiza: chinthu chodziwa chala cha munthu! Koma ndikuona mapewa a bambo aja akugwedezeka. Anapisa m'thumba la jekete, anatulutsa foni yawo, anati, "Mayi, khalani pansi. Uyu munamuona?"

Mkulu wa mpingo, Tiya! Munthu wotigawira mgonero! Anandionetsa mphaka akudya m'mbale yake, munthu wina n'kumuikira nkhaka kumbuyo. Potembenuka n'kuona nkhakayo, analumpha miyendo yonse inayi pamodzi mpaka kufuna kugunda denga. A Mulomba anaseka mpaka kutsokomola. Anati amenewa ndi amphaka a anthu a kunja, oleredwa ngati ana, ndipo eni ake amawajambula kuti dziko lonse lisekeko. Ine pamaso pawo sindinaseke, ndinasunga ulemu. Kuseka kunandigwira panjira, pafupi ndi mjigo wa kumunsi. Tangoganiza: mayi wokalamba akuseka yekha pamsewu, atanyamula kanthu kokulunga m'chitenje. Amene anandiona sindikudziwa akundinena zotani.

Ndinalakwapo pa nkhani ya mphaka kale, ndipo ulendo umenewo sizinathere pa kuseka. Iwe usanabadwe, kuseri kwa nyumba yathu kunkakhala mayi wamasiye, a Namalima. Anali ndi mphaka wakuda, ndipo ankalankhula naye ngati munthu: "Wabwera? Unali kuti?" Mchimwene wako Fanuwelo atadwala ali wamng'ono, thupi lili moto, ndinanena mawu pachitsime. Ndinangoti, "Mphaka wa a Namalima ndinamuona pakhomo pathu dzulo." Basi, omwewo. Sindinatchule ufiti. Koma mawuwo anamera miyendo. Anthu analeka kukapala moto kwa mayi aja, pamaliro ankawasiyira mphasa yawoyawo, ndipo mphakayo anapezeka ataphedwa ndi miyala. A Namalima anasamukira kwa abale awo ku Mkhumba, n'kukafera komweko. Fanuwelo anachira ndi mankhwala a malungo. Mayi aja ankalankhula ndi mphaka chifukwa analibe wina wolankhula naye, ndipo ine sindinapite kukapepesa. Tsono wamva, Tiya? Kumene ukupitako, ukamva anzako akunong'ona za munthu, usaponyepo mawu ako, ngakhale aang'ono bwanji. Ndipo amphaka akowo uzionera kuchipinda kwako. Kuchipatala kudzabwera nkhalamba zonga ine. Zikadzaona namwino akuseka ndi mphaka wa diresi, jakisoni wako zidzamukana, zidzabwerera kumudzi ndi matenda awo. Komanso wodwala akamabuula pabenchi, iwe n'kumaseka ndi foni, saganiza za mphaka. Amaganiza kuti ukuseka iye.

Za amphaka ndazimaliza. Tsopano mabuku.

Ndikudziwa kuti chaka chino sunapume. M'mawa sukulu, masana kumunda, Loweruka kukagulitsa tomato kumsika, Lamulungu kuphunzitsa ana kutchalitchi. N'chifukwa chake ndikakuona wagwira buku ndinkasanduka mlonda wako. Ndinkapirikitsa nkhuku kuti zisakusokosere. Alendo ndinkawauza kuti alankhule motsitsa. Munda wakumtunda ndinaupalira ndekha, msana ukulira, ndikumati mwana akuwerenga za chipatala. Ine Chingerezi ndichidziwire kuti? Buku lililonse la Chingerezi kwa ine ndi la sukulu.

Ndinalakwa pofuna kudzitama. Lachinayi lapitali ndinatenga buku limodzi pa atatu aja unkasunga pansi pa pilo, ndinapita nalo ku msonkhano wa amayi a kumpingo. Ndinasankha la chithunzi chomveka bwino: mwamuna wa chipewa chachikulu, malaya osamanga mabatani, wanyamula mkazi m'manja, mkaziyo watseka maso, tsitsi lili lendee, kumbuyo kwawo kwaima kavalo. Ine ndinali nditazimvetsa kale ndekha. Mayiyu wakomoka. Bamboyu akuthamangira naye kuchipatala, n'chifukwa chake wamasula mabatani, watenthedwa. Kavaloyo ndiye ambulansi ya kwawoko.

Titatha mapemphero ndinalikweza m'mwamba. "Taonani, amayi, zimene akuphunzira mwana wanga. Umu ndi mmene amanyamulira munthu wokomoka."

Mayi Namakhwa, aja anapuma pa uphunzitsi, anavala magalasi, anatsegula pakati, anawerenga chamumtima. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasiwo.

"Make Tiya, mwati wokomoka?"

"Eya. Simukuona watseka maso?"

"Maso watsekadi. Koma matenda akewa si a kuchipatala."

Amayi onse anayandikira. "Tiwerengereni, aphunzitsi! Timve nafenso za unamwino!"

Anayamba kutanthauzira pang'onopang'ono, ndi mawu awo a m'kalasi aja. Ati mwamunayo anamugwira m'chiuno kuseri kwa khola la ng'ombe. Ati mtima wa mkaziyo unathamanga ngati kavalo wothawa moto wa tchire. Ati milomo yawo... Tiya, sindingathe kulemba. Zinthu zimene ife tinkauzidwa kuchinamwali, chitseko chotseka, anankungwi atathamangitsa ana, munthu wazilemba m'buku logulitsidwa pa kaunjika, tsamba ndi tsamba!

Wina anakuwa, "Ndiye jakisoni wake ndi ameneyo?"

Wina, mayi wa imvi zoposa zanga, anati, "Matenda amenewo nanenso ndinadwalapo. Ana asanu ndi atatu!"

Tchalitchi chonse chinagwedezeka. Ine ndinafuna nthaka ing'ambike. Ndinapalira munda ndekha chifukwa cha chiuno cha mzungu!

Atatha kupukuta misozi, mayi Namakhwa anatembenuza bukulo, nawerenga zolembedwa kumbuyo, kuti timve mutu wa nkhani. Ati ndi mtsikana, mwana wa mayi wamasiye, amene wasiya kwawo osatsanzika, wakwera ngolo yofunditsidwa nsalu pamodzi ndi mwamuna woweta ng'ombe, wosalankhulalankhula, kupita kudziko la kutali kumene kulibe mudzi, kulibe tchalitchi, kulibe chipatala, kukatsegula malo atsopano awiriwiri. Anzanga ankasekabe, koma ine kuyambira pamenepo sindinamvenso kanthu.

Zotsatira ukuzidziwa, koma ndizilembe kuti uone kuti sindikuzemba. Ndinakupeza kukhitchini ukusonkha moto. Ndinakuonetsa bukulo. Sunachite mantha n'komwe. Unati, "Amayi, ndi nthano chabe. Mutu ukatentha ndi za sukulu ndimapumulira m'menemo. Kodi mayeso ndinalephera?" Sunalephere, unakhoza kuposa ana onse a mudzi uno, ndipo funso limenelo ndilo linandipsetsa mtima. Ndinaliponya pamoto. Unafuna kulitola, ndinakugwira mkono. Unati, "Ndinatsala ndi masamba makumi awiri okha." Ndinakuuza kuti ena awiri aja ndawotcha kale. Unaima mpaka chipewa cha bambo uja chinasanduka phulusa, kenaka unanena motsitsa:

"Chabwino. Simudzaonanso chilichonse changa."

Mwana wanga, mawu amenewo ndi anga. Ndinawanena ine kwa mayi anga, agogo ako, ndili wamng'ono kuposa iwe. Ndinawanena m'Chilomwe, koma ndi omwewo. Nditawamva akutuluka m'kamwa mwako, ndinadzidzimuka kuposa za amphaka, kuposa za m'tchalitchi.

Ndinalakwa kwakukulu ndili mtsikana, ndipo izi ngakhale Fanuwelo sazidziwa. Abambo ako sanali mwamuna wanga woyamba. Khala pansi ngati waima. Kunabwera munthu ku gule wa tchopa, dzina lake Jowakimu, wochokera tsidya la malire, ku Mozambiki. Anali ndi njinga yatsopano, wailesi yomangirira pa handulo, ndi chipewa chachikulu. Inde, chipewa. Sankalankhula zambiri, ankangoyang'ana, ndipo ine ndinkati munthu wachete chonchi ndi wozama nzeru. Anandipatsa kagalasi kodziyang'anira, ka mphepete mofiira. Ndinali ndisanadzionepo nkhope bwinobwino, kupatula m'madzi a mumtsuko. Amayi atakapeza sanandifunse kanthu. Anakaponya m'chimbudzi ine ndikuona. Ndipo ndinawauza mawu aja.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkabisa zonse. Ndinkakumana naye popita kunkhuni m'munsi mwa phiri la Michesi, ndikabwera n'kumaseka ndi amayi ngati palibe kanthu. Mwambo wathu ukuudziwa: mwamuna ndiye amabwera kwa mkazi, amamanga pa malo a apongozi, amalima anthu akumuona, ndipo akayamba zachilendo amalume a mkazi ali pafupi. Jowakimu anati iye ukamwini sangauthe, si munthu wolamulidwa ndi apongozi. Anati kwawo kuli malo opanda mwini, nthaka yakuda, chimanga chotalika kuposa denga, ndipo tidzakhala tokha popanda wotiuza zochita. Ndikanakhala kuti ndinkalankhulabe ndi amayi, bwenzi atandifunsa funso limodzi lokha, ine n'kuzindikira. Koma pakamwa ndinali nditatseka. Tsiku lina ndinanyamula mtsuko ngati ndikupita kumadzi, ndinausiya pachitsime, n'kukwera pakaliyala ya njinga.

Sindikunamiza, buku lako silinaname zonse. Miyezi yoyamba inali yokoma. Tinadula mitengo awiriwiri, tinamanga kanyumba ka udzu, tinkadya bowa ndi nyama ya m'tchire, wailesi ikuimba pachitsa. Mtima wothamanga ngati kavalo uja ndikuudziwa, ulipodi. Koma mabatire a wailesi anatha. Madzi anali kutali, kupita m'mawa kubwera dzuwa lili pamutu. Polima tinkafukula mapale ndi miyala ya pamanda akale, ndipo ndinadziwa kuti malo opanda mwini kulibe, eni ake amangokhala kuti sunawaone. Munthu wachete uja ndinapeza kuti sankabisa nzeru ayi. Analibe chonena basi. Anayamba kupita ndi njinga kukagulitsa nyama youma, masiku atatu, kenaka sabata, kenaka mwezi.

Ndinabereka ndekha, Tiya. Popanda mayi, popanda mzamba. Mchombo ndinadula ndi nsungwi yong'alula. Anali mwana wamwamuna, ndinamutcha Luwisi. Anakhala miyezi isanu. Anali atayamba kuseka akaona nkhuku. Tsiku lina thupi linatentha, anayamba kukomoka. Njinga kulibe, chipatala sindikudziwa n'komwe kuti chili mbali iti. Ndinamubereka kumbuyo, ndinathamanga ndi kanjira ka kumadzi ndikukuwa. Ndinakumana ndi mayi wina wachilendo akuchokera kotola nkhuni. Anasuzumira kumbuyo kwanga, anatula nkhuni zake pansi, anati, "Mwana wanga, khala pansi, usathamangenso." Manda tinakumba awiri, ine ndi mayi amene dzina lake sindinalifunse. Panalibe nyimbo, panalibe mbale ngakhale mmodzi. Uli ndi mchimwene wako wagona m'tchire la eni, ndipo ngakhale utandipatsa galimoto lero, malowo sindingawalozenso.

Jowakimu anabwera patatha masabata awiri. Nditamuuza anavula chipewa, anachiyang'ana, anachivalanso. Ndinanyamuka m'mawa mwake wapansi. Masiku anayi ndili panjira, mpaka ndinatulukira pampata wa Fort Lister n'kuona minda ya kwathu. Amayi anali pabwalo akupeta. Anandiyang'ana kumaso, anayang'ana kumbuyo kwanga kumene kunali chitenje chopanda mwana, anayang'ana mawere anga akudontha. Anaika lichero pansi, anakanditungira madzi. Sanandifunse, ine sindinanene, mpaka anamwalira. Za kagalasi kaja sitinazitchulenso. Tonse awiri tinali ouma mutu.

Tsono waona chimene chinandiponyetsa buku pamoto kukhitchini kuja. Si manyazi a kutchalitchi. Si za chiuno zija, pakuti ndiwe wamkulu, ndipo ku unamwino ukaona zoposa pamenepo. Ndinaona mtsikana wa m'ngolo uja, n'kuona kuti mwana wanga wamkazi mmodzi yekhayo akumusirira. Ndinati ndiwotche njirayo asanaiyende. Ndipo ndinachita ndendende zimene anachita amayi anga, zimene zinandikankhira ine pa njinga. Zaka zonsezi ndinkati ndikadzakhala ndi mwana wamkazi sindidzamutayira kanthu kake m'chimbudzi. Ndasunga lonjezo: ndaponya pamoto. Kukalamba si nzeru, mwana wanga.

Ndiye malangizo anga ndi awa, ndipo usawataye chifukwa achokera kwa munthu wolakwa. Mabukuwo werenga. Mutu wa munthu ndi ngati munda, ukaulima chimanga chokhachokha umatopa. Ine ndikanakhala ndi kopumulira ngati iwe, kapena bwenzi ndisanakwere njinga ya munthu pofuna kuona dziko. Koma a sukulu atsogole, akavalo abwere pambuyo, amphaka pambuyo penipeni. Kuno unali ndi ine wokupirikitsira nkhuku. Kumeneko palibe adzakulondere nthawi, ndipo foniyo ndaona mmene imadyera dzuwa: chala chikangoyamba kukankha, mphaka mmodzi amaitana mnzake mpaka madzulo. Ukadzaona kuti mayeso ayandikira, mabukuwo upatse mnzako akusungire, foni uitsekere m'sutikesi. Jakisoni wolakwika sabwezedwa, wamva?

Za amuna. Adzabwera, usachite kundibisira, ndiwe wokongola ndipo udzakhala wa pamalipiro. Mwamuna ali ngati kalongonda, nyemba zathu zoledzeretsa zija. Umamuwiritsa, kutaya madzi, kuthira ena, kuwiritsanso, tsiku lonse, ndipo wothamangira kudya amazungulira mutu n'kugwa. Abambo ako, malemu a Wayisoni, anabwera pano ndi khasu ndi mphasa basi. Anali ndi dazi ndi miyendo ya matewe, palibe akanawajambula pa buku. Amayi anawayang'anitsitsa chaka chathunthu akulima. Ndinawauza za Luwisi tisanakwatirane, ndikuyembekeza kuti athawa. Anangofunsa kuti, "Ankafanana ndi ndani?" Ndipo tsiku limene unabadwa iwe, ine ndili kale ndi imvi, anandikweza panjinga kupita kuchipatala ululu usanayambe n'komwe, ati sakufuna za m'tchire. Chikondi chimene ndikuchidziwa ine ndi chimenecho.

Sindikunena kuti ubwerere kudzagwira khasu. Nthawi zasintha, namwino amapita kumene wamutumiza, ndipo amuna a masiku ano ukamwini amauseka. Munda wakumtunda ndi dimba ndi zako, poti Fanuwelo ali kwa akazi ake, ndipo zidzakudikira. Chimene ndikupempha n'chakuti munthuyo udzabwere naye kuno, adzakhale pamphasa, amalume ako amuone, ine ndimufunse mafunso anga opusa. Ukadzamva mwamuna akuti tiye kumene kulibe wotidziwa, umufunse kuti akuopa kuti anthu adziwa chiyani. Akati abale ako ndi ovuta, umufunse kuti iwe ukadzadwala adzaitana ndani. Ndipo wosalankhula usamuyese wozama. Umulankhulitse kaye, uone ngati muli kanthu.

Koma choposa zonse, Tiya, usandibise. Ngakhale chikhale chochititsa manyazi bwanji. Ukalephera mayeso, undiuze. Ukakonda munthu wolakwika, undiuze. Ngakhale mimba, Mulungu aletse, undiuze ine woyamba, usapite nayo kwina. Ndidzadzidzimuka, ukundidziwa, ndidzathamangira kwa amalume ako, mwina ndidzakulunganso kanthu m'chitenje. Undipatse masiku awiri ndikuwe, lachitatu ndidzakhala pansi. Koma usatseke pakamwa. Usandibise, mwana wanga. Chimene chinagoneka Luwisi m'tchire si malungo okha.

Tsopano ndiulule bodza langa. Mabuku awiri aja sindinawotche. Ali m'thumba la nandolo limene ndakumangira kuti upite nalo, pansi penipeni, m'pepala la pulasitiki kuti asadetsedwe. Buku lachitatulo ndilo lapita, ndipo sindingalibweze. Dzulo ndinapita kwa mayi Namakhwa, ndi manyazi anga onse, kukafunsa ngati akudziwa mathero ake kuti ndikulembere muno. Ati anangowerenga masamba awiri aja ndi kumbuyo. Anandifunsa kuti, "Kodi mukufunsira mwana, kapena inuyo?" Ndinangotsanzika n'kubwerako. Koma iwe ndikuuza: ndikufuna kudziwa ngati mtsikana wa m'ngolo uja anawatumizirako mawu mayi ake.

Kalatayi ndiika pa sutikesi yako madzulo ano kuti uiwerenge usananyamuke. Ndachitanso chinthu china osakufunsa, ndipo ichi chokha sindipepesa. Wa kabaza unamuuza kuti abwere m'bandakucha. Ine ndakamuuza kuti abwere dzuwa litakwera. Basi yachiwiri ilipo, ndafunsa, ukafika kusanade.

M'mawa ndidzakhala kuseri kwa nyumba ndikusenda nandolo. Ndidzaika mipando iwiri. Sindikuti udzandiuze kuti wandikhululukira, zimenezo zimatenga nthawi yake. Ungodzakhala pansi n'kundifotokozera nthano ija kuyambira pachiyambi mpaka pamene unalekezera. Za kuseri kwa khola ukhoza kudumpha. Ukapanda kubwera, sindidzakuitana, ndidzangokunyamulira thumba mpaka pamsewu. Koma mpandowo ndidzausiya pomwepo.

Ndine mayi ako, wokulakwira koma wako ndithu,
Felesiya